Opima Msewu Autsa Mapiri Pachigwa ku Katete

Pa Katete Stores nkhani sizichedwa kukalamba. Ya m'mawa ikafika masana yasanduka chimbala, anthu ali pa ina. Koma ilipo imodzi imene ikukana kutha, ya galimoto yoyera ya nyali yachikasu pamwamba ndi zitsulo zolendewera kumbuyo, imene nthawi ndi nthawi imadutsa mu Great East Road mwaulemu, osathamanga, osaima, osanyamula munthu. Chachitatuchi ndiye chimawawa kwambiri. Galimoto ya mipando yopanda anthu kudutsa pa siteshoni, anthu atatambasula manja, dalaivala maso ali kutsogolo, kuno timati ndi mwano.

Oyamba kuiweruza anali anyamata a njinga. Iwo anati ndi ya apolisi a pamsewu, ikujambula othamanga. Kondakitala wina wa minibasi ya ku Chipata anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati wapolisi amene angakuone utalakwa n'kupitirira osakupatsa ndi moni womwe sanabadwe. Mlandu wa apolisi unathera pomwepo.

Amayi a tomato ndi mbatata ndiwo sanaseke. Iwo akudziwa, ngakhale sanagwirepo tepi, kuti msewu waukulu wa mtundu wa T4 uli ndi malo ake mamita 100 m'lifupi, 50 uku 50 uko, ndipo thandala la aliyense lili m'kati mwenimweni mwa mamita amenewo. Choncho galimoto iliyonse yokhala ndi kamera ndi mdani mpaka itatsimikiza kuti si mdani. Mayi wina akuti ataiona ikubwera anakokera thebulo lake m'mbuyo, itangobisika pa kona analibweza pamalo pake, n'kuwonjezerako pang'ono kutsogolo chifukwa cha mkwiyo.

Mnyamata wina wa ku Vubwi, amene amabwera kudzagula katundu wa m'kantini, anati inu nonse simukudziwa kanthu, makinawo akununkhiza golide. Kwawo anthu akhala akusefa mchenga m'mitsinje kwa zaka, ndiye kwa iye mlendo aliyense woyang'ana pansi akufuna chinthu chimodzi. Atamufunsa kuti nanga bwanji sanapite kukanunkhiza kwanu komwe kuli golideyo, anayankha kuti galimoto yokongola chotere singafike kwawo ili yamoyo. Yankho limeneli tidzalibwereranso, chifukwa mnyamatayu ananena zoona asakudziwa.

Amene anathetsa mkangano, kapena kuusandutsa wina, ndi mkulu wina wopuma pantchito amene anagwirapo ku dipatimenti ya misewu kalelo, boma lisanakhazikitse Road Development Agency ndi lamulo la 2002. Iye amakhala pa benchi ya wosoka nsapato, ndipo salankhula asanapemphedwe kawiri.

"Ana inu," anatero, "galimotoyo ikupima kugwedeza kwa msewu. Basi. Golide wanuyo musungeni."

Anafotokoza mosafulumira, ndipo zimene ananena n'zolondola. Msewu uli ndi nambala yake yosonyeza mmene umagwedezera galimoto, dzina lake International Roughness Index. Anaikonza a World Bank atayesa makina osiyanasiyana m'misewu ya ku Brazil mu 1982, ndipo kuyambira 1986 ndiyo muyeso umene mayiko ambiri amamvana nawo. Amawerengera kukwera ndi kutsika konse kumene masipuling'i a galimoto angachite pa kilomita imodzi, ikuyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola, n'kuphatikiza. Phula latsopano limapereka mamita apakati pa 1.5 ndi 3.5 pa kilomita. Msewu wafumbi wotheratu umafika ngakhale 20. Kale ankakoka kangolo ka tayala limodzi kumbuyo, kamene kankawerenga kudumpha kwake. Masiku ano ndi kuwala kwa laser kumene kumayeza pansi, kamera ikujambula ming'alu, GPS ikulemba malo. N'chifukwa chake dalaivala saima: akaima kapena kusinthasintha liwiro, manambala amasokonekera.

Wa njinga wina, wodziwika ndi pakamwa, sanakhutire. "Atate, ndalama zonsezo kuti adziwe kuti msewu uli ndi maenje? Andipatse ine theka la mafuta awowo. Ndiwawerengera dzenje lililonse kuchokera pa chipatala cha St Francis mpaka pa mphambano ya Chanida, ndi mayina awo omwe." Ndipo n'zoona kuti maenje ena akuluakulu a m'misewu yathu ali ndi mayina. Lina analitcha dzina la kansala amene analonjeza kulikwirira, kansalayo anagwa pa chisankho, dzenje lilipo ndipo likukula bwino.

Anamuyankha ndi namwino wina amene ankadikira chenji cha anyezi. "Achimwene, inunso mukabwera kwathu mukunjenjemera, aliyense amaona kuti ndi malungo, koma timayamba takubayani chala. Mankhwala satuluka popanda kapepala." Wa njingayo anati zimenezo n'zosiyana, chifukwa kuchipatala ukabayidwa chala mankhwala umalandira tsiku lomwelo. Anthu anamuwombera m'manja, namwino anatenga chenji chake n'kumapita.

Ine pamenepa ndili mbali ya namwino, ngakhale wa njinga ndiye anapambana pa benchi. Ndalama zomangira msewu waukulu sizichokera m'thumba la khansolo. Pamene ankakonza makilomita pafupifupi 360 a kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka pa Mwami, ntchito imene inayamba cha mu 2013, ndalama zinachokera ku European Union, European Investment Bank, African Development Bank ndi bungwe la chitukuko la France. Anthu amenewa sakwera njinga pa Katete. Amakhala ku Brussels, ku Luxembourg, ku Abidjan ndi ku Paris, patsogolo pawo pali mapempho a mayiko makumimakumi, aliyense akulira kuti msewu wake ndiye woipitsitsa. Kulira kwa Mchewa ndi kulira kwa munthu wa ku Mali sungakuike pa sikelo. Nambala ungaiike. Amailowetsa mu pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa HDM-4, pamodzi ndi kuchuluka kwa magalimoto ndi kulemera kwake, ndipo imawerengera matayala, masipuling'i, mafuta ndi nthawi zimene zingapulumuke msewu ukakonzedwa. Msewu umene wapulumutsa zambiri ndiwo umadya ndalama.

Komanso pali zimene wa njinga sangaone. Opima ena amabwera ndi ngolo yogwetsa chitsulo cholemera pa phula n'kuyeza mmene pansi pafwamphukira. Msewu ukhoza kuoneka wosalala pamwamba, pansi madzi atalowa kale m'ming'alu, dothi litafewa. Kumata mng'alu lero n'kotsika mtengo, kudikira mpaka pakhale dzenje n'kugumula zonse ndi nkhani ina. Dzenje limene wa njinga walipatsa dzina ndi ndalama zimene zinatayika kale.

Ku malo ometera tsitsi nkhani inatenga njira ina. Kumeneko anamva kuti zopimazi zimapita ku mabungwe a misewu yolumikiza mayiko, ndiye wometa analengeza kuti msewu wathu ndi uja wa Cairo mpaka Cape Town, ndipo aliyense amene ali ndi puloti m'mbali mwake asagulitse. Mphunzitsi wina wa jogirafe anamuwongola lumo lili m'mutu, chimene chimafuna kulimba mtima. Misewu ikuluikulu ya Trans-African Highway, imene bungwe la United Nations loona zachuma mu Africa linayamba kuikonza pa mapu cha mu 1971, iwiri ndiyo imadutsa mu Zambia. Wa Cairo umalowera pa Nakonde, kutsika ndi Great North Road kudzera ku Mpika ndi Kapiri Mposhi. Wa Beira mpaka Lobito umadzera ku Harare, Chirundu, Lusaka ndi ku migodi. Wathu suli pa iwiriyi. Wathu ndi wa Nacala Corridor: Lusaka, Chipata, Mchinji, Lilongwe, mpaka ku doko la Nacala ku Mozambique.

M'Bemba wina wogulitsa mafoni, amene wakhala pa Katete mpaka ana ake amalankhula Chichewa kuposa iye, sanalole mwayi wotere kumudutsa. Anati mwamva nokha, msewu wa Cairo unasankha kwathu, chifukwa akatswiri anaopa kuti kuno mungaukumbe pofuna mbewa. Anamuyankha kuti kwanuko anaupititsa dala m'nkhalango kuti anyani azipeza thiransipoti yothawira. Chimbuya sichilipitsa, onse anaseka, ndipo wometa anabweza lumo pamutu pa mphunzitsi mosamala kuposa poyamba.

Pa mphambano ya Chanida olankhula ndi madalaivala a mathiraki, ndipo iwo amalankhula ngati eni msewu. Msewu wa T6, makilomita 55 kuchokera pa Katete kufika pa chipata cha Chanida, kutsidya kwake Cassacatiza, ndiwo njira yachidule ya ku Tete ndi ku doko la Beira. M'menemo mumadutsa mkuwa wopita kunyanja, mafuta ndi feteleza zobwera. Dalaivala wina anati iye sasowa makina, msana wake ndiwo umapima, ndipo lipoti limatuluka m'mawa uliwonse akamadzuka. Mnzake anawonjezera kuti opima akafuna zoona akafunse okonza matayala, chifukwa dzenje lililonse la mumsewu umenewo lamangitsa nyumba ya malata ya munthu wina.

Mayi wophika nsima pamenepo anawadula pakamwa. "Alamu, mukudandaula chiyani? Amene mumaukumba msewuwu si inu nomwe?" Madalaivala anakana, ati magalimoto ang'onoang'ono ndiwo ochuluka. Koma mayiyo ali ndi umboni kumbuyo kwake umene sanaumvepo. Ku Ottawa, m'chigawo cha Illinois ku America, pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri anayendetsa malole usana ndi usiku pa misewu yoyesera mpaka kuithetsa, ndipo anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, kuwononga kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye kuti Corolla ya aphunzitsi ikhoza kudutsa moyo wake wonse msewu osaimva, pamene thiraki imodzi yopyola muyeso yausiya ndi bala. N'chifukwa chake pali malire a matani 56 pa thiraki yonse, ndipo n'chifukwa chakenso madalaivala ena amadziwa bwino nthawi imene a pa sikelo amasinthana.

Za msewu umenewu, mu 2023 boma linasaina mgwirizano ndi kampani yoti iumange ndi ndalama zake, pamodzi ndi chipata cha Chanida, n'kumadzatolera ndalamazo kuchokera kwa odutsa, mgwirizano wa zaka 25. Nkhani imeneyi ndi imene inabala mphekesera yolimba kuposa zonse, yakuti galimoto yoyera ikufuna malo a tologeti ina. Anthu a kuno tologeti amaidziwa, ya Reuben C. Kamanga ili pomwepa panjira ya ku Chipata, ina ya Alexander Grey Zulu ili cha ku Nyimba. Wamalonda wina anati iye sakana kulipira, koma akufuna kuti lisiti lizilembedwa dzina la dzenje limene ndalama yake yakwirira, kuti akalione.

Ku Sinda galimoto yoyera sinawasokoneze kwambiri, poti iwo anazolowera kudutsidwa. Boma lawo linabadwa mu 2012, litadulidwa ku Petauke ndi ku Katete, koma mabasi a ku Lusaka amangochepetsa liwiro pa mahampu, anthu n'kugula chimanga chootcha pa windo, basi ulendo. Chimene chinawautsa ndi anyamata ndi atsikana ovala zonyezimira amene amakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, mapepala ali m'manja, kulemba mzere galimoto iliyonse ikadutsa. Agogo ena ataona mapepala ndi zolembera anathamangira kunyumba kukatenga chitupa, poganiza kuti kalembera wa feteleza wa FISP wayamba mwakachetechete. Atauzidwa kuti akuwerenga magalimoto, anafunsa mwaulemu kuti, "Nanga ana anga, magalimotowo mukawawerenga mudzawapatsa chiyani?"

Funso limeneli silinayankhidwe, koma bambo wina wa ku Nyanje analimva bwino. Atadziwa kuti pa pepalapo pali danga la njinga ndi ngolo, ndiponso kuti msewu wodutsa zambiri ndiwo umakonzedwa msanga, akuti anapita ndi ngolo yake n'kubwerera, n'kupitanso, mpaka ng'ombe zinayamba kumuyang'ana. Anamuuza mochedwa kuti akuwonjezera manambala a msewu wa phula, umene uli bwino kale, pamene wa kumudzi kwake palibe amene akuuwerenga. Anatukwana pang'ono, n'kupempha owerengawo kuti mawa lake akakhale pansi pa mtengo wa kwawo, adzawaphikira nkhuku.

Tsopano tibwerere kwa mnyamata wa golide uja. Vubwi nayo inakhala boma mu 2012, itachoka ku Chadiza, ndipo ili pakona pamene Zambia, Malawi ndi Mozambique zimakumana. Chaka chomwecho Pulezidenti Michael Sata anakhazikitsa Link Zambia 8000, ndipo misewu yolumikiza Chipata, Vubwi ndi Chadiza inalowa m'gulu la yolonjezedwa phula. Makina anabwera, fumbi linabuka, kenaka ndalama zinavuta, ntchito n'kumayenda mwa apo ndi apo kwa zaka, mpaka dziko linalephera kulipira ngongole zake mu Novembala 2020. Kwa mfumu Pembamoyo ana amene anabadwa lonjezo likuperekedwa afika ku sekondale.

Anthu a kumeneko atamva kuti muyeso uja amauwerengera pa liwiro la 80, anaseka chikhakhali. Wa njinga yamoto wina anati munthu womaliza kufika 80 pamsewu wa kwawo anali m'maloto, ndipo ngakhale m'malotomo anagwa. Iwo ali ndi miyeso yawo. Amapima ndi mazira amene afika osasweka, ndi mtengo umene wa lole amatchula ponyamula thumba la feteleza mvula ikagwa, ndi ndalama imene wogula soya amadula pa kilo ponena kuti msewu wamudyera matayala. Amapimanso ndi mayi wapakati amene ayenera kufika kuchipatala usiku mtsinje utadzaza, ndipo pamenepo kuseka kumatha.

Mphunzitsi wina wa kumeneko ananena mawu amene ndakhala ndikuwabwereza kwa aliyense. Anati kompyuta imati msewu wathu usakonzedwe chifukwa mumadutsa magalimoto ochepa, pamene magalimoto ndi ochepa chifukwa msewu sunakonzedwe. Palibe amene ananama pamenepa, makina anapima bwino, owerenga anawerenga bwino. Koma thiraki ya mkuwa yopita ku Beira imalemera m'mabuku kuposa ngolo zonse za mtedza za m'boma lathunthu, ndipo lole imene inakana kupita ku Vubwi silembedwa paliponse. A World Bank omwewo anazindikira vutoli n'kupanga muyeso wina, wowerenga anthu m'malo mwa magalimoto: ndi angati a kumudzi amene amakhala mosapitirira makilomita 2 kuchokera pa msewu wodutsika chaka chonse. Mu lipoti lawo la 2016 Zambia inapeza 17 pa 100 alionse. Nambala imeneyi ndi imene inafunika kumatchulidwa pa misonkhano ya ndale, koma sindinamvepo woimba ng'oma za kampeni akuitchula.

Ena akuti dikirani, CDF, ndalama ya chitukuko cha m'madera, yabwera. Ndi zoona kuti thumba limeneli linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo makhansolo ambiri anagula magiredala ndi makina ena. Mkangano tsopano ndi wakuti giredala iyambire kuti. Wodi iliyonse ikuti msewu wake ndiwo woipitsitsa, ndipo popeza palibe amene anapima, umapambana ndi msewu wa amene amalankhula mokweza pa msonkhano. Mkulu wa pa benchi uja akuti foni wamba, itamangidwa bwino m'galimoto ya khansolo, ikhoza kupima kugwedeza mokwanira kusiyanitsa msewu woipa ndi woipitsitsa, ndipo mapulogalamu otere alipo. Wa njinga wa pakamwa uja atamva anati ndiye bwino, foni ali nayo, chatsala ndi alawansi.

Chinthu chimodzi chokha ndicho anthu a maboma atatuwa agwirizana, ndipo n'chokhudza nyengo. Loweruka lomaliza la Ogasiti anthu amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba, mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique kudzagwada kwa Kalonga Gawa Undi, akuluakulu a boma ali pa mipando yakutsogolo. Masabata amenewo misewu yolowera imapalidwa, maenje amathiridwa dothi, zonse zili mbee. Wopima akabwera nthawi imeneyo adzalemba kuti Katete ilibe vuto. Chimodzimodzi chaka cha chisankho. Ndiye pempho la pa benchi, la kometera ndi la pa mphambano ndi limodzi, ndipo ine ndaikapo chala changa.

Inu a galimoto yoyera, pimani, sitikukuletsani, amayi a tomato adzakupatsani njira. Koma mukatha, manambalawo asathere ku Lusaka ndi ku Abidjan. Abwere pa wailesi ya Mphangwe ndi pa Breeze FM m'chinenero chathu, msewu ndi msewu, kuti tidziwe wathu uli pa nambala yanji pamzere. Ndipo ulendo wotsatira mubwere mu Febuluwale, mukhotere ku Vubwi, mutenge khasu ndi chingwe.